Ulendo Wozungulira Dziko: Akupumula Ndani?

Masiku ano kwabuka chiphunzitso china chimene chikulowa m'mitu ya anyamata ndi atsikana athu ophunzira kudzera pa lamya za m'manja. Chiphunzitsocho chikuti: ngati ntchito yakutopetsa, isiye, gulitsa galimoto, longedza chikwama chimodzi, ukwere ndege uzungulire dziko lonse lapansi kwa chaka chathunthu, pobwerako udzakhala munthu watsopano, pakuti udzakhala "utadzipeza wekha". Amene achita zimenezi amatamandidwa ngati ngwazi zimene zidakana ukapolo wa mu ofesi, pamene otsala pakhomo amayesedwa amantha ndi osatseguka m'maso. Ine ndikukana chiphunzitso chimenechi, ndipo ndikufuna kuti tichiyeze pamodzi ife a ku Balaka ndi ku Machinga, amene alendo oterewa timawaona ndi maso athu.

Timawaonadi. Aliyense amene adaimapo pa mlatho wa pa Liwonde m'miyezi ya chilimwe adaona zigalimoto zazikulu zodzaza ndi mahema, kapena mzungu wopsa ndi dzuwa akupalasa njinga yolemedwa ndi zikwama, akuti wachokera ku Cairo ndipo akupita ku Cape Town. Amadzaona njovu, mvuu ndi ng'ona za mu Shire. Chiyambire 2015, pamene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira nkhalango ya Liwonde, mbiri ya malowa idamveka kutali: mikango idabwezedwamo mu 2018, zipembere zina zidafika kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo ngakhale Prince Harry, atasiya usilikali mu 2015, adabwera mu 2016 kudzathandiza ntchito yosamutsira njovu ku Nkhotakota. Alendo amenewa sindikuwada ai. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndipo ndalama zake zimadyetsa ophika, oyendetsa mabwato ndi osema mipando m'mbali mwa msewu. Abwere, tiwalandira monga mwa mwambo wathu. Chimene ndikutsutsa ndi bodza limene likuyenda pamodzi ndi ulendo wawo, lakuti ulendo wotere ndi chipatso cha kulimba mtima, ndi kuti aliyense akhoza kuuyamba atangofuna.

Pamlatho womwewo pamadutsanso wapaulendo wina amene sajambulidwa. Ndi mnyamata wa ku Ntaja, ku Nselema kapena ku Chikweo, ali ndi chikwama chimodzi iyenso, naye wasiya khasu ndi mkazi chifukwa watopa. Njira yake ndi ya ku Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka Beitbridge ndi Joni. Pachipata cha South Africa amudindira masiku 30 okha. Masikuwo akatha asanduka munthu wobisala, woona wapolisi ndi kupatuka, wodziwa kuti tsiku lina akhoza kudzuka ali ku Lindela kudikira kubwezedwa kwawo chimanjamanja. Ena sabwerako konse. Pa 31 Ogasiti 2023 moto udapha anthu oposa 70 m'nyumba ya Usindiso ku Johannesburg, ndipo pakati pawo padali Amalaŵi. Mu Okutobala 2025 basi yonyamula anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Malaŵi obwerera kwawo idagwera kuphompho pafupi ndi Louis Trichardt, nipha anthu oposa 40. Tsono ndikufunseni, awerengi anga: pa apaulendo awiriwa, wolimba mtima ndi uti? Nanga n'chifukwa ninji wina timamutcha wanzeru ndi womasuka, mnzakeyo n'kumutcha wolowa m'dziko mwakuba?

Chowasiyanitsa si mtima, koma kabuku kali m'thumba. Mu Febuluwale 2024 boma lathu lidachotsa lamulo la viza kwa nzika za mayiko 79, kuphatikizapo America, Britain ndi Germany, kuti alendo achuluke. Chaka chotsatira, kuyambira pa 20 Ogasiti 2025, boma la America lidalamula kuti Mmalaŵi wofuna viza yokacheza kumeneko aziyamba wapereka chikole cha ndalama chofika mpaka madola 15,000. Ife tidatsekula chitseko, iwo adaika mpiringidzo. Achinyamata athu amakonda kutchula Jessica Nabongo, mayi wa makolo a ku Uganda amene adasiya ntchito yabwino namaliza kuponda mayiko 195 mu Okutobala 2019, ndi kunena kuti, "Onani, wakuda mnzathu watha." Inde adatha, ndipo ulemu umuyenera. Komatu iye adabadwira ku Detroit, ndipo pambali pa pasipoti ya Uganda adali ndi ina ya America. Wokuuzani za ulendo wake osatchula kabuku kachiwiriko wakuonetsani khungu la nkhuyu, nyerere za m'kati wabisa.

Pasakhale wina wotiuza kuti ife ndife anthu osayenda, ofunika kuphunzitsidwa ubwino wa ulendo. Makolo a Chiyao a dziko lino ankayenda miyezi pansi kukafika ku Kilwa ndi ku Quelimane azungu asanadziwe kumene Shire achokera. Taganizirani za James Chuma, mwana wa Chiyao amene adamasulidwa m'goli la ukapolo mu 1861 m'dera la Magomero. Iyeyu adakaphunzira ku Bombay, adayenda ndi David Livingstone kuyambira 1866, ndipo bwana wakeyo atamwalira kwa Chitambo mu 1873, iye ndi Abdullah Susi adatsogolera anzawo kunyamula mtembo miyezi yambirimbiri mpaka kunyanja ku Bagamoyo. Mu 1874 adakafika ku England, koma maliro a ku Westminster Abbey adawapeza atachitika kale. Adamwalira ku Zanzibar mu 1882 asanakalambe. Agogo athu a Keyala adaona Ethiopia, Madagascar ndi Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Atate athu adaona Joni pa Wenela, oposa 100,000 nthawi imodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kufikira tsiku lija la pa 4 Epulo 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi 74 amene adali pa ulendo wobwerera kwawo. Dziko lapansi tidalizungulira kale ife, koma tidalizungulira titasenza katundu wa ena, mfuti ya ena ndi fosholo ya ena. Pa maulendo onsewa panalibe ndi umodzi womwe wokapumula.

Ngakhale ulendo woyamba wozungulira dziko sudali tchuthi. Zombo zisanu za Magellan zidanyamuka ku Spain mu 1519, ndipo mu 1522 chidabwerera chimodzi chokha ndi anthu 18; womasulira wawo, Enrique wa ku Malacca, adali kapolo. Amene adasandutsa ulendowu malonda ndi Thomas Cook, amene mu 1872 adatenga kagulu ka anthu a ndalama pa ulendo wa masiku 222. Kuyambira pamenepo nkhani ndi yomweyo: wina alipira naona, wina anyamula natsala.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani. Otsatsa maulendo amenewa amakonda kuwatcha "chaka cha Sabata", ndipo pobwereka dzina limeneli adzipalira okha mlandu. Dzinali lidalowa m'masukulu a ukachenjede pamene Harvard, mu 1880, idayamba kupatsa aphunzitsi ake chaka chopumula pa zaka zisanu ndi ziwiri zilizonse, akulandira theka la malipiro. Koma gwero lake lenileni ndi Malembo Oyera, ndipo aliyense wowerenga mutu 5 wa Deuteronomo ndi mutu 25 wa Levitiko adzaona chinthu chimene otsatsawa sachitchula. Lamulo la kupumula likulankhula kwa mwini nyumba, inde, koma phindu lake likulunjika kwa amene ali pansi pake: wantchito wamwamuna, wantchito wamkazi, mlendo wokhala m'mudzi, ngakhale ng'ombe ndi bulu. Chifukwa chake chaperekedwa poyera, kuti wantchitoyo apumule monga apumulira mbuye wake, popeza mbuyeyo nayenso adali kapolo ku Ejipito. M'chaka chachisanu ndi chiwiri munda umagonera, ndipo zomera zokha zimakhala za amphawi. Palibe pamene palembedwa kuti mwini munda akwere ngamira akaone mayiko, antchito ake atsale akulima. Kupumula kwa m'Malembo ndi ngongole imene wamkulu ali nayo kwa wamng'ono. Kupumula kumene akutitsatsa lero ndi katundu wogula munthu mmodzi, ena onse n'kumugwirira mwendo.

Ndani amagwira mwendowo? Pano ndisiye azungu, ndilankhule ndi ife tomwe, a bwana ndi a dona a ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Lilongwe, amene ambiri mwa ife michombo yathu idakwiriridwa kwa Kalembo, kwa Nsamala kapena kwa Kawinga. Chaka chathunthu ochepa okha ndiwo angachikwanitse, koma mwezi ku Dubai, masabata atatu ku Cape Town, zimenezo zayamba kuoneka, ndipo mawu ake ndi omwewo akuti, "Ndatopa, ndikufuna ndikapumuleko." Palibe choipa pa kutopa. Koma m'nyumba mwanu muli mtsikana amene mudakamutenga kumudzi, wodzuka tambala woyamba ndi kugona inu mutagona kale. Pageti pali mlonda wogona ndi udzudzu usiku uliwonse, Lamulungu ndi Khrisimasi yomwe. Inu mukanyamuka, ntchito yawo sichepa koma kuchuluka, pakuti ana, nkhuku, agalu ndi makiyi zonse zitsala m'manja mwawo. Kodi iwowa adapumula liti? Kodi mtsikanayo adawaona liti amayi ake?

Musayese kuti ndikupempha chifundo. Ndikunena za lamulo la dziko lino. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 likuti wantchito asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi motsatizana popanda kupuma tsiku lathunthu, ndiponso kuti chaka chilichonse apatsidwe tchuthi cholipidwa: masiku 18 ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, masiku 15 ngati amagwira asanu. Masiku 18 okha! Munthu amene akulota za masiku 365 a iye mwini, akukanika kupereka 18 kwa amene amamuchapira zovala. Ndipo akafunsidwa ayankha kuti, "Ameneyu si wantchito, ndi mwana wa pakhomo, ndi m'bale wathu." Ubale wake ndi wotani umene umathera pa tsache ndi pa mbale zakuda? Mawu akuti "m'bale" tawasandutsa chingwe chomangira anthu amene lamulo likadawamasula. Ndanena za m'nyumba chifukwa ndi m'mene sitiyang'anamo, koma eni masitolo a pa Balaka, eni malo ogona alendo a pa Liwonde, ndi onse olemba alonda ndi ophika, ngakhale m'masukulu ndi m'nyumba za mipingo, adzifunse funso lomweli.

Wina anena kuti, "Nanga munthu asaone dziko? Kuyenda kumatsekula maso." Zoona, kumatsekula, koma si kuyenda kulikonse. Tawerengani nokha: munthu woponda mayiko 30 m'chaka chimodzi amakhala masiku 12 okha m'dziko lililonse, ndipo mwa masiku amenewo ena amathera pa bwalo la ndege ndi m'basi. M'masiku 12 angadziwe chiyani za Malaŵi? Adzaona njovu ikumwa madzi dzuwa likulowa, koma sadzamva za mlimi wa m'mphepete mwa nkhalango amene adagona kudindiro zaka zambiri kulondera chimanga chake kwa njovu yomweyo. Adzajambula ana akumwetulira m'mbali mwa msewu nalemba kuti anthu a kuno ndi osauka koma okondwa, osadziwa kuti mu Malichi 2024 maboma 23 mwa 28 a dziko lino adalengezedwa kuti ali pa ngozi ya chilala, ndi kuti mwana wa ku Balaka amamwetulira mlendo chifukwa adaleredwa mwaulemu, osati chifukwa wakhuta. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothamanga saona nkhono, aona chigoba chokha, napita kwawo kukasimba kuti nkhono ilibe maso.

Za "kudzipeza wekha" ndiye zimandidabwitsa koposa. Kodi munthuyo adatayika kuti, kuti akadzipeze ku Thailand kapena ku Peru? Kwathu kuno munthu amadziwika ndi anthu ake. Ukafika pamudzi sakufunsa kuti waona mayiko angati. Amakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, mfunda wako ndani, udakwatira kwa yani. Munthu amadzipeza pamaliro pamene akukumba nawo manda, pachipatala pamene akudikirira wodwala, pabwalo pamene akuimira mlongo wake. Kumeneko ndiko kumaoneka ngati uli woleza mtima kapena waukali, wopatsa kapena womana. Pakati pa anthu osakudziwa, amene mawa sudzawaonanso, ukhoza kukhala munthu wabwino kwambiri popanda kulipira kanthu. Chimene munthu amapeza kumeneko si iye mwini ai, koma mpumulo wa kusafunsidwa kanthu ndi aliyense. Mpumulo umenewo ndi wokoma, sindikana. Koma tiutchule dzina lake loona.

Pali maulendo ena amene ndimawavulira chipewa. Mu 1958 Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto kwa dziko lino, adanyamuka wapansi, wopanda nsapato, kufuna maphunziro. Adayenda zaka ziwiri, akuima m'njira kugwira maganyu, mpaka adafika ku Khartoum, ndipo kuchokera kumeneko adakalowa sukulu ya Skagit Valley College ku America, pambuyo pake ku Cambridge. Nkhani yake adailemba m'buku lotchedwa I Will Try mu 1965. Kayira sadapite kukadzifuna. Ankadziwa bwino lomwe kuti iye ndani ndi chimene akusowa. Ulendo wake udali ndi mutu. Namwino wopita kukawonjezera maphunziro, mphunzitsi wopita kukaona m'mene anzake aphunzitsira, mlimi wa mpunga wa ku Domasi wopita kukaona ulimi wothirira kwina, onsewa apite ndi madalitso athu. Amenewa tikawafunsa kuti mwabwera ndi chiyani, satitulutsira zithunzi zokha.

Chimene chikundiopsa ndi mnyamata kapena mtsikana wathu amene wangoyamba kumene ntchito, ameneyo akamva chiphunzitsochi n'kuchimeza chosatafuna. Mzungu wosiya ntchito ku Munich kapena ku Toronto kawirikawiri amasiya makolo olandira penshoni, abale odzidalira, ndi dziko limene ntchito ina ikhoza kupezeka pobwerera. Ndalama yake ikafika kuno imatupa. Yathu ikatuluka kunja imafota, ndipo mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kuno malipiro a munthu mmodzi ndi nkhokwe ya mudzi: fizi ya mng'ono wake, feteleza wa amayi, mankhwala a agogo, bokosi la malume. Mpando umene wausiya lero, mawa akhalapo wina mwa mazanamazana amene ali ndi madigiri m'zikwama. Kumuuza munthu wotere kuti kusiya ntchito ndi ufulu, ndiko kumutuma kuthengo usiku wopanda nyali. Ndipo njala ya "kukaona kunja" ikalowa m'mtima, amaidyerera ndi ena. Mu 2024 dziko lidamva za amayi a Chimalaŵi oposa 50 amene adapulumutsidwa ku Oman, kumene adapita atalonjezedwa ntchito zabwino, nakapeza kuti alandidwa mapasipoti ndi kutsekeredwa m'nyumba za anthu. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 adakwera ndege kupita kuminda ya ku Israel nkhondo ili m'kati. Amenewa adapitira umphawi, si zosangalatsa. Koma amene amawakopa amagwiritsa ntchito zithunzi zomwezo za ndege, nyanja ndi nyumba zazitali zimene ozungulira dziko amatitumizira. Chithunzi chimodzi, kwa wina ndi chikumbutso cha tchuthi, kwa mnzake ndi nyambo.

Sindikuti anthu athu asatope, kapena kuti kutopa ndi tchimo. Mphunzitsi wa ku Machinga woima pamaso pa ana oposa zana limodzi pansi pa mtengo ndi wotopa zedi. Namwino wotsala yekha usiku m'chipinda cha amayi oyembekezera ndi wotopa kuposa onse amene amadzaona njovu. Iwowa ndiwo oyenera chaka cha Sabata, ndipo ndiwo amene sadzachiona. Chifukwa chake mkangano wathu usakhale wa kuti ndani mwa ife apeze mwayi wothawa, koma wa kuti tchuthi chimene lamulo lidapereka kale chifike kwa eni ake: kuti aphunzitsi ndi anamwino alembedwe okwanira kotero kuti wina akapita kutchuthi mnzake asafe ndi ntchito, kuti a ofesi ya za ntchito m'maboma athu alowe m'mageti ndi m'makhitchini, osangodikira madandaulo kwa anthu amene akuopa kuchotsedwa akayankhula, kuti mafumu ndi makolo opereka ana awo kwa abale a m'tauni azifunsa poyera kuti mwanayo azibwera liti kudzationa.

Ndipo inu a bwana ndi a dona amene mwayamba kale kufunsa mitengo ya matikiti, musanalipire, tengani kalendala ndi pensulo. Ngati mtsikana wa m'nyumba mwanu wagwira zaka zitatu osapita kwawo, masiku ake akwana 54, osawerengera ma Lamulungu onse amene adathera pa sinki. Muitaneni, mumuuze chiwerengerocho, mumupatse malipiro ake athunthu ndi ndalama ya basi yopita ndi yobwerera. Kuchokera ku Limbe kukafika ku Ntaja ndi ulendo wa tsiku limodzi. Mwina akafika sakapumula konse, akagwira khasu m'munda wa amayi ake kapena akapita kuchigayo. Koma masikuwo ndi ake, ndipo za m'mene akawagwiritsire ntchito si za inu kufunsa.